Lipoti la dziwe la makumba ku Mzuzu: ndere zobiriwira zokhala m'magulu ndi imfa za nsomba za mbandakucha

Mbiri ya dziwe

Dziwe limene lipotili likufotokoza lili m'dambo lina la mbali ya Lusangazi, kunja kwa mzinda wa Mzuzu, ndipo mwini wake ndi mayi amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Mayiwa amawetanso nkhuku zoikira mazira, zomwe khola lake lili chakumtunda kwa dambolo, moti zitosi sizisowa pakhomo pawo. Dziwelo ndi la mamita pafupifupi 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, madzi ake amalekeza m'chiuno kumbali yakuya, ndipo amachokera ku kasupe kudzera m'ngalande yaing'ono imene imayenda bwino m'dzinja koma imangodontha kukatentha. Munali makumba ambiri ndi chilunguni chochepa, ndipo chakudya chawo chachikulu chinali madeya.

Mzuzu ali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,250, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi madzi a m'maiwe amazizira kwambiri moti nsomba zimadya pang'ono ndi kukula mochedwa. Alimi ambiri a kuno akaona kuti kwafunda mu Seputembala ndi Okutobala amafuna kubweza nthawi imene yatayika, choncho amawonjezera manyowa ndi madeya nthawi imodzi. Mayiwa anachita chimodzimodzi, ndipo m'malo moika zitosi m'kakhola ka pangodya ya dziwe kuti zizisungunuka pang'onopang'ono, mnyamata wawo wantchito ankazimwaza m'dziwe lonse. Mvula yoyamba itagwa kumayambiriro kwa Novembala, madzi othamanga anakokolola zitosi zina kuchokera kukhola n'kuzithira m'dziwe momwemo.

Zizindikiro zoyamba

Mayiwa anandiimbira foni ngati mlangizi wawo atapeza nsomba zikuluzikulu zingapo zitafa m'mawa, zina zikuyasamula pamwamba pa madzi pafupi ndi polowera ngalande. Anati kunali kwa mitambo masiku angapo motsatizana, kotentha ndiponso kopanda mphepo, ndipo madzi anali atasanduka "ngati thelele la denje." Dzuwa likakwera nsombazo zinkabwerera pansi n'kumadya ngati palibe chimene chachitika. Mawu awo anali akuti, "Alangizi, kapena wina wandithirira mankhwala usiku, kapena ndi ndere zapoizoni zija zimanenedwa. Ine ndikufuna ndiphwetse dziweli lero." Ndinawapempha kuti asaphwetse, asathire chilichonse, ndipo tsiku limenelo asadyetse nsomba.

Nkhani ya ndere zapoizoni sinali yongoganizira chabe. Alimi anzawo anali atawauza za njira yoyesera madzi m'botolo, yakuti ukasiya madzi obiriwira usiku wonse n'kupeza zobiriwirazo zitayandama pamwamba ndiye kuti ndi cyanobacteria, mabakiteriya ooneka ngati ndere amene ena mwa iwo amakhala ndi poizoni, pomwe zikakhazikika pansi ndiye kuti ndi ndere wamba zopanda vuto. Mayiwa anayesadi, ndipo m'mawa anapeza mkombero wobiriwira m'khosi mwa botolo. Wogulitsa mankhwala a ulimi amene anamufunsa anawalangiza kuti agule copper sulphate aphe ndere zonse, ndipo pamene ndinkafika mankhwalawo anali atagulidwa kale.

Zimene zinapezeka padziwe

Ndinayeza madzi mbandakucha, dzuwa lisanatuluke, chifukwa ndi nthawi imene mpweya wa okosijeni umakhala wotsika kwambiri m'dziwe lililonse la ndere zambiri. Unali pansi pa miligalamu 1 pa lita, pomwe masana a tsiku lomwelo unakwera kwambiri ndipo pH, muyeso umene umatsika madzi akakhala a asidi ndi kukwera asidi akachepa, inadutsa 9. Mbale yoyezera kuwala kolowa m'madzi inkasowa isanafike masentimita 15, pamene dziwe lothiridwa bwino manyowa limayenera kukhala pakati pa masentimita 25 ndi 40, kapena m'kayezedwe ka alimi, chikhatho chiyenera kuoneka mpaka madzi atayandikira chigongono. Kuno chikhatho chinkasowa madzi atangodutsa pamfundo ya dzanja. Nsomba zakufa zinalibe zilonda, ndipo zinali zikuluzikulu zokhazokha, pamene achule, ambululu ndi tizilombo ta m'madzi zinali zamoyo. Mankhwala ophera tizilombo akathiridwa m'dziwe sasankha msinkhu wa nsomba kapena ola la mbandakucha, choncho nkhani ya mdani wothira poizoni inagwa pomwepo, ndipo ndinawauza mayiwa mwachindunji kuti nkhaniyo isafike kwa anansi awo.

Botolo lija ndilo linali lofunika kulifufuza bwino. Linali pawindo la kukhitchini loyang'ana kummawa, ndipo mkombero wobiriwirawo sunali wozungulira mofanana, koma unali wokhuthala kumbali ya kuwala. Nditalitembenuza n'kudikira kanthawi, zobiriwirazo zinasamukira kumbali yatsopano ya windo. Cyanobacteria monga Microcystis zimayandama chifukwa cha timatumba ta mpweya tokhala m'maselo awo, ndipo zimangokwera m'mwamba mosasamala kumene kuwala kukuchokera. Chinthu chimene chimatsata kuwala cham'mbali ndiye kuti chikusambira. Poyang'anitsitsa botololo pa dzuwa, timadontho tina tobiriwira tinkaoneka ndi maso tikuyendayenda pang'onopang'ono. Apa m'pamene nkhani yonse inatembenukira, chifukwa njira ya botolo imathandiza pokhapokha botololo likasungidwa mumdima ndiponso pozizira, ndipo mfundo imeneyi imatayika njirayo ikamafotokozedwa pakamwa kuchoka kwa mlimi kupita kwa mnzake.

Zimene zinaoneka pa maikulosikopu

Madzi anatungidwa pamwamba, pakati ndi pafupi ndi matope, ndipo anayang'anidwa tsiku lomwelo asanathiridwe mankhwala osungira, popeza ayodini wa Lugol amapha ndere n'kuletsa kuyenda kwake, chonsecho kuyendako ndi chizindikiro choyamba chosiyanitsira mitundu. Pokulitsa ka 100 ndi ka 400 pa maikulosikopu, chida choonera tinthu ting'onoting'ono, zinaoneka kuti m'dziwemo munali ndere za mabanja awiri osiyana kwambiri m'makhalidwe, ngakhale kuti onse ndi a Chlorophyceae m'chigawo cha Chlorophyta.

Zochuluka kwambiri m'madzi a pamwamba zinali Pandorina ndi Eudorina, ndipo Volvox inalipo yochepa. Zonsezi ndi za banja la Volvocaceae, ndipo selo lililonse lili ndi timichira tiwiri tosambirira ndi kadontho kofiirira komwe kamathandiza kuzindikira kumene kuwala kukuchokera. Pandorina imadziwika ndi maselo 8 kapena 16, nthawi zina 32, opanikizana kwambiri pakati pa gulu lobulungira moti amaphwanyana m'mbali, pamene Eudorina imakhala ndi maselo obulungira 16, 32 kapena 64 otalikirana, ondandalikidwa chakunja kwa nembanemba yoterera imene imakuta gulu lonse. Volvox ndi yaikulu kuposa zonsezi, ya maselo kuyambira mazana angapo mpaka 50,000 malinga ndi mtundu wake, ndipo ndi iyo imene inkaoneka ndi maso m'botolo muja. Wasayansi Antonie van Leeuwenhoek anaifotokoza m'chaka cha 1700, ndipo wasayansi wina, Carl Linnaeus, anaipatsa dzina mu 1758.

Kusiyana kwa kaberekedwe pakati pa mitundu imeneyi kumathandiza pogwira ntchito, osati pamayeso a kusukulu pokha. Mu Pandorina ndi Eudorina selo lililonse limatha kugawikana n'kupanga gulu latsopano lathunthu, kotero gulu limodzi la maselo 16 likhoza kubereka magulu 16 nthawi imodzi, ndipo m'madzi ofunda a chakudya chambiri dziwe limabiriwira m'masiku ochepa chabe. Mu Volvox ntchito inagawidwa: maselo ang'onoang'ono ochuluka amangosambiritsa gulu ndipo pamapeto amafa, pamene maselo ochepa akuluakulu ndi amene amabereka timagulu tomwe timakulira m'kati mwa kholo. Timagulu timeneti timayamba timichira titaloza m'kati, kenako timadzitembenuza kuti timichira tikhale kunja tisanatuluke. M'madzi athu tinaona Volvox yonyamula ana oterewa, ndiponso mbewu zina zofiirira za khungu lokhuthala. Mbewu zimenezi zimapangika ndere zikaberekana pophatikiza maselo aamuna ndi aakazi, ndipo zimagona m'matope n'kupirira chilala mpaka madzi atabwerera.

Akatswiri amakonda banja la Volvocaceae limeneli chifukwa limaonetsa mmene zamoyo za selo limodzi, zofanana ndi Chlamydomonas, zinasinthira n'kukhala za maselo ambiri, kusintha kumene kukuyerekezedwa kuti kunayamba zaka zoposa 200 miliyoni zapitazo. Mabuku akale ankandandalika Gonium, Pandorina, Eudorina, Pleodorina ndi Volvox ngati makwerero olunjika, koma kafukufuku wa DNA anasonyeza kuti zimene timazitcha Volvox sizinachokere ku nthambi imodzi, ndipo maonekedwe amenewa anabadwa kangapo mosadalirana. Chifukwa cha ichi lipoti lathu linalekezera pa mayina a magulu akuluakulu monga Eudorina, osatchula mtundu weniweni, pakuti maikulosikopu wamba sapereka chilolezo chopitirira pamenepo.

M'madzi a pakati ndi a pansi munachuluka ndere zosasambira, za chigawo cha Sphaeropleales. Zambiri zinali za maselo anayi ogundizana m'mbali mumzere umodzi, okhala ndi minga italiitali pangodya zinayi. Mabuku ambiri amene tili nawo m'maofesi amazitcha Scenedesmus, dzina limene wasayansi Meyen anapereka mu 1829, koma kuyambira 1999 mitundu ya minga inapatulidwa n'kuikidwa mu Desmodesmus, ndipo ndi dzina limene tinalemba. Munalinso Pediastrum, gulu lophwatalala la selo limodzi m'kuchindikala kwake, lomwe maselo ake a m'mphepete ali ndi nyanga imodzi kapena ziwiri. Nayonso Pediastrum inagawidwa mu 2005, ndipo ya nyanga imodzi imene kale inkatchedwa Pediastrum simplex tsopano ili mu Monactinus. Ndikutchula zimenezi chifukwa mlangizi akayerekeza lipoti la chaka chino ndi la zaka makumi awiri zapitazo akhoza kuganiza kuti ndere za m'dziwe zasintha, pamene chasintha ndi dzina lokha.

Chinthu chimodzi chimamanga mabanja awiriwa pamodzi, ndipo ndicho chida chachikulu chosiyanitsira ndi cyanobacteria. Gulu la Pandorina, Desmodesmus kapena Pediastrum limabadwa ndi chiwerengero chokhazikika cha maselo, kawirikawiri 4, 8, 16 kapena 32, ndipo likamakula maselo amangonenepa osawonjezeka. Gulu lotere limatchedwa coenobium, ndipo limakhala ndi kamangidwe kadongosolo kobwerezabwereza. Gulu la Microcystis ndi losiyana kotheratu: ndi mulu wa timaselo ting'onoting'ono tosawerengeka tomatidwa m'zoterera, lopanda maonekedwe okhazikika, nthawi zina lobooka mabowo, ndipo m'timaselomo simuoneka chloroplast, kachigawo kobiriwira kamene kamapezeka m'maselo a ndere zenizeni, koma timadontho takuda ta matumba a mpweya. Titathira ayodini, m'maselo a ndere zathu munaoneka madontho akuda bii pamene pali sitachi, zimene zimachitika mu ndere zobiriwira zenizeni. Microcystis inapezeka mwa apo ndi apo m'madzi a pangodya ina, koma yochepa kwambiri poyerekeza ndi zinazo. M'mphepete mwa dziwe munali ulusi woterera wa Spirogyra, umene chilunguni chinkaudya, ndipo sunali mbali ya vutoli.

Chigamulo ndi zifukwa zake

Nsomba zinkafa ndi kubanika. Masana ndere zinkapanga okosijeni wambiri, koma usiku ndere zomwezo, pamodzi ndi nsomba ndi mabakiteriya owoletsa zitosi ndi madeya otsala, zinkaugwiritsa ntchito mpaka kutsala pang'ono kutha. Kukakhala mitambo masana, mpweya wosungidwa umakhala wochepa, ndipo madzi ofunda amasunga okosijeni wochepa kuposa ozizira. Pandorina ndi Eudorina zinkakulitsa vutoli posonkhana pamwamba n'kutchinga kuwala, moti madzi a pansi ankakhala mumdima ngakhale masana. Kukwera kwa pH masana kunalinso koopsa pakokha, chifukwa amoniya wochokera ku zitosi amakhala wapoizoni kwambiri kwa nsomba pH ikakwera.

Copper sulphate tinamukana pa zifukwa zitatu zolumikizana. Ndere zonse zikafa tsiku limodzi zimawola tsiku lotsatira, ndipo kuwolako kukanamaliza mpweya wochepa umene unatsala. Kuwonjezera apo, madzi a kasupeyu atayezedwa anapezeka kuti alkalinity yake, kutanthauza mphamvu ya madziwo yothana ndi asidi, inali pansi pa miligalamu 50 pa lita, ndipo m'madzi otere kopa wa mu copper sulphate amapha nsomba pa mlingo wochepa kwambiri. Ngakhale zikanakhala kuti m'dziwemo munadzaza Microcystis, mankhwalawa akanaphulitsa maselo ake n'kutulutsira poizoni wa microcystin m'madzi, choncho malangizo amene mayiwa analandira anali olakwika pa mbali zonse ziwiri. Kuphwetsa dziwe nakonso sikukanathandiza: nsomba zambiri zinali zisanafike msinkhu wogulitsa, kasupe sakanatha kulidzazanso msanga, ndipo mbewu zogona m'matope zikanamera madzi atangobwerera.

Mayiwa sanavomere msanga. Anafunsa kuti, "Ndiye mukuti ndizisiye ndere zomwe zikundiphera nsombazo?" Ndinawayankha kuti, "Mayi, ndere zimenezi ndi chakudya chimene mwakhala mukuchilima ndi zitosi zanu. Chalakwika ndi kuchuluka kwake, ndipo tichepetsa poleka kuzidyetsa." Chimene chinawatsimikizira kwambiri chinali kuona okha Volvox ikugubuduzika pa foni yanga, pa kanema amene ndinajambula kudzera pa diso la maikulosikopu. Ndaona kuti mlimi akaona chinthucho ndi maso ake amatsatira malangizo mosavuta kusiyana ndi pamene wangouzidwa manambala.

Tinagwirizana kuti zitosi zileke kuthiridwa kotheratu, madeya aimitsidwe kwa masiku ochepa kenako abwerere pa theka la mlingo, ndipo aziperekedwa dzuwa litakwera osati madzulo. Madzi a kasupe anatsegulidwa usiku wonse, akugwera pa thabwa kuti azithovoka polowa, ndipo paipi yotulutsira inakonzedwa kuti izichotsa madzi a pansi omwe ndi osowa mpweya. Masana, ndere zosambira zikasonkhana pamwamba kumbali imene mphepo yazikankhira, mnyamata uja ankatunga madziwo ndi ndowa n'kukathirira dimba la masamba, zimene sitikanalola zikanakhala cyanobacteria. Anakumbanso ngalande yopatutsa madzi ochokera kukhola la nkhuku. Nsomba zina zokulirapo zinakololedwa kuti zotsala zipume bwino.

Zimene zinatsatira

Imfa zinaleka m'sabata yoyamba, ngakhale kuti kuyasamula kwa mbandakucha kunapitirira pang'ono masiku a mitambo. Pofika kumapeto kwa Novembala chikhatho chinkaoneka mpaka pafupi ndi chigongono. Pa maikulosikopu Pandorina ndi Eudorina zinali zitachepa kwambiri, Volvox inali itasowa, ndipo Desmodesmus ndi Pediastrum zinatenga malo. Tizilombo tosefa madzi monga rotifer ndi abale a Daphnia tinachuluka, ndipo magulu a Desmodesmus a maselo 8 anayamba kuoneka kwambiri kuposa poyamba. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene asayansi Hessen ndi Van Donk anasonyeza mu 1993, kuti ndere za mtundu umenewu zimapanga magulu akuluakulu zikamva fungo la Daphnia m'madzi, popeza gulu lalikulu laminga limavuta kumeza. Kwa ife chinali chizindikiro chakuti dziwe layambanso kudzilamulira lokha, ndipo manyowa anabwezeretsedwa pang'onopang'ono kudzera m'kakhola ka pangodya.

Panachitika chinthu china mu Januwale chimene chikuyenera kulembedwa. Mvula itadula kwa kanthawi ndipo dzuwa litaomba kwambiri, ngalande ya kasupe inatsekeka ndi dothi logumuka, ndipo pangodya ya kumunsi kwa mphepo panaoneka utoto wobiriwira motuwira umene unkamatirira pa ndodo ikaviikidwa. Mayiwa, pokumbukira za Novembala, anaganiza kuti ndi ndere zosambira zomwe zija ndipo anatsala pang'ono kuuza mnyamata kuti atungire kudimba. Mwamwayi anayamba ayesa botolo, ulendo uno atalitsekera m'kabati, ndipo m'mawa zobiriwirazo zinali pamwamba mofanana mbali zonse. Maikulosikopu anatsimikiza kuti inali Microcystis, yomwe ija imene poyamba inkapezeka mwa apo ndi apo. Microcystin amawononga chiwindi, ndipo bungwe la World Health Organization linaika malire a maikulogalamu 1 pa lita m'madzi akumwa kwa nthawi yaitali, choncho malangizo anasintha: mbuzi ndi agalu zisamwe m'dziwe, ana asasewere m'madzimo, utotowo uyengulidwe n'kukwiriridwa kutali ndi kasupe, manyowa aimenso, ndipo ngalande itsegulidwe msanga. Madzi atayambiranso kuyenda ndipo mvula itabwerera, utotowo unatha, ndipo kukolola kunachedwetsedwa mpaka madzi atakhala opanda Microcystis yooneka kwa milungu ingapo. Ngakhale pamenepo tinalangiza kuti matumbo ndi ziwindi za nsomba zizitayidwa.

Kwa anzanga a ntchito, mfundo imene ndingaitsindike ndi ya katungidwe ka madzi. Tikanatunga pamwamba pokha masana tikanalemba kuti dziwe ndi la Pandorina ndi Eudorina basi, ndipo tikanatunga pansi pokha tikanalemba Desmodesmus, osamvetsa chifukwa chimene botolo linaonetsera mkombero. Kutunga pangodya ya kumunsi kwa mphepo ndi kumene kunatisonyeza Microcystis yochepa ija mu Novembala, ndipo chifukwa inalembedwa m'lipoti loyamba, mayiwa anali atachenjezedwa kale kuti madzi akaima aziyesanso botolo mumdima asanachite chilichonse. Dziwelo linakololedwa mu Epulo, kenako linaumitsidwa ndi kuthiridwa laimu wa ulimi pofuna kukweza alkalinity nsomba zatsopano zisanaikidwe, ndipo copper sulphate uja anabwezedwa kusitolo paketi yake isanatsegulidwe.